Chubu Chimene Chinamangitsa Mlamu Wanga

Lusayo, pukuta misozi. Ndakukalipira, inde, ndipo mawa ukadzasiyanso njinga pamtetete dzuwa lili paliwombo ndidzakukalipiranso. Ndaona mmene mwandiyang'anira nonsenu, ngati nkhalambayi mutu wayamba kusokonekera. Mutu wanga uli bwinobwino. Kokera njingayo pansi pa mango, uphwetseko pang'ono tayala lakumbuyolo, kenako ubwere ukhale apa. Nawenso Tamanda, mkazi wanga wamng'ono, ika foniyo m'thumba. Ndilankhula Chichewa chanucho, poti makolo anu anakulererani ku Lilongwe osakuphunzitsani ngakhale kupereka moni m'Chitumbuka. Wina akangoseka katchulidwe kanga, nkhani ithera pomwepo.

Njinga zanu za masiku anozi ndi zidole. Magiya mbwee, utoto wonyezimira, chishalo chopyapyala ngati lilime la galu, koma muikepo thumba limodzi la mpunga muone felemu ikulira. Zathu zinali zakuda, zolemera, za mabuleki achitsulo. Munthu ankagula imodzi moyo wake wonse, ndipo akamwalira abale ankayamba kukangana za njinga asanakambe za ng'ombe.

Kutentha mukudandaula leroku si kutentha. Mudzabwere mu Okutobala kapena Novembala mvula isanagwe, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, agalu atakumba maenje pansi pa nkhokwe, mchenga ukuwotcha ngakhale mapazi a munthu amene sanavalepo nsapato chibadwire. Nyengo imeneyo ulendo umayambika kusanache. N'chifukwa chake ife amuna a kuno ku Lupembe amene tinali ndi njinga tinkanyamukira limodzi mbandakucha, kuti dzuwa likamakwiya litipeze titafika kale.

Panalibe wogogoda pakhomo pa mnzake. Woyamba kutuluka ankangoliza belu podutsa, wina n'kuyankha, winanso uko kuseri kwa nthochi, ndipo pofika pamsewu tinkakhala tili chigulu. Masiku ambiri tinkalowera ku boma, wina atamanga mpunga pa keliyala ndi malegeni, wina chinangwa, wina usipa wouma, wina chigubu cha chambiko. Masiku ena tinkatsikira kummwera, ku sikimu ya Hara, kukapikula mpunga. Msewu unali wafumbi nthawi imeneyo, wa mabampu ogwedeza mano, ndipo pamitsinje youma tinkatsika n'kukankha mumchenga tikutukwana. Koma m'mawa muja, ana inu, kamphepo kakukulowa m'malaya, matcheni akulira pamodzi, wina atayambitsa nyimbo ya kutchalitchi wina n'kuipotoza kukhala ya kumowa, ine sindinamvepo kukoma kwina koposa pamenepo. Ngakhale tsiku la ukwati wanga silifikapo, koma zimenezo musakawauze agogo anu aakazi.

Kutsogolo kunkakhala mlamu wanga Mwanjasi, mwamuna wa mlongo wanga Nyagondwe, yemwe uja anakupatsani nthochi dzulo inu n'kulandira ndi dzanja limodzi ngati mukulandira chenji m'sitolo. Mwanjasi inu simunamuone. Chinali chimunthu chachitali, polowa m'nyumba chinkachita kuwerama, ndipo chikaseka nkhuku zinkabalalika. Akaona kum'mawa kwayamba kufiira ankatembenuka n'kukuwa, "Tiyeni ŵanalume, zuŵa likwiza!" Ndiko kuti tiyeni amuna, dzuwa likubwera. Pamenepo aliyense ankadzuka pachishalo n'kuponda mapedulo ndi mphamvu zonse.

Njinga yake tinkaitcha Mzukwa, chifukwa inauka kwa akufa. Sanaigule. Felemu anaitola kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wopuma ntchito, nkhuku zikugonapo. Limu lakutsogolo linachokera ku njinga ina, lakumbuyo ku inanso, mahandulo anawongola yekha pamoto, chishalo anasoka ndi chikopa cha ng'ombe yake yomwe. Poyang'ana inali yochititsa manyazi. Koma pamsewu panalibe yoipitirira, ndipo inkayenda mwakachetechete moti mbuzi zinkadzidzimuka itadutsa kale.

Kumbuyo kwenikweni kunkakhala Kondowe. Ameneyu miyendo inali yofooka koma pakamwa panali pamphamvu. Tcheni chake chinkaguluka pena paliponse, ndipo iye ankangoima n'kumachiyang'ana ngati chidzibwezera chokha. Mwanjasi ndiye ankabwerera kukamukonzera. Pachitunda ankamuika dzanja kumsana n'kumukankha mpaka pamwamba, iye mwini ali ndi katundu wake. Ndinamuuzapo kangapo kuti, "Mulamu, munthu uyu mukumulera ngati mwana, tsiku lina adzakukodzerani." Iye ankangoseka.

Tinalinso ndi mlendo mmodzi, aphunzitsi a Chikopa, a ku Chiradzulu, amene boma linawatumiza pasukulu yathuyi. Anafika kuno ndi jekete ndi tayi, ndipo chilimwe choyamba anakomoka m'kalasi ana akuona. Atachira anadzatipempha kuti Loweruka ndi masiku a holide aziyenda nafe. Moni wathu ankaupotoza moti tinkawauza kuti abwereze dala kuti tisekenso, iwo n'kubwerezadi. Anali munthu wabwino. Ndikunena zimenezi kuti musamaganize kuti ndimadana ndi anthu a kummwera, ayi. Amene anatipweteka ife ankadya nafe mbale imodzi.

Tsono mvetsetsani apa. Tikafika kumene tikupita, chinthu choyamba, tisanamwe ngakhale madzi, chinali kupumitsa matayala. Njinga pamthunzi, kenako kukhwefula vavu pang'ono, mpweya psii, mpaka tayala lizilowa ukalidina ndi chala. Madzulo pobwerera tinkapopanso. Machubu anali osowa, ndiye chubu chimodzi chinkakhala zigamba pamwamba pa zigamba mpaka osadziwa kuti mphira woyambirira ndi uti. Mpweya ukatenthedwa umafufuma, guluu n'kufewa, ndipo tayala lopopa kwambiri likakhalitsa padzuwa la kuno limaphulika lokha popanda wolikhudza. Izi sizinali nzeru zobisika. Mwana aliyense woweta mbuzi ankazidziwa, ndipo Kondowe ankazichita ndi zala zake tsiku lililonse limodzi nafe.

Loweruka masana tinkasonkhana kwa Mwanjasi pansi pa mango, njinga zonse zitagadamitsidwa matayala m'mwamba. Apa wina akutsuka tcheni m'palafini, apo wina akukhoma kotapini wa pedulo, wina akumanga masipoko mmodzimmodzi n'kumazunguza limu diso limodzi atatsinzina. Pakati pankakhala beseni la madzi lofufuzira pobooka. Chigamba tinkadula ku chubu chakufa n'kupala ndi mwala wokhakhala, ndipo gilisi akasowa tinkadzoza mafuta a ng'ombe, agalu n'kumatitsatira mawa lake. Nyagondwe ankabwera ndi chinangwa chophika, n'kuima manja m'chiuno. "Mukanakhala kuti akazi anu mumawasamala ngati zitsulozi," ankatero, "bwenzi tonse tikunyezimira."

Zipangizo m'masitolo a ku boma sizinkapezeka, ndipo zikapezeka mtengo wake unali wa mbuzi. Ndiye matayala, machubu ndi masipoko zinkachokera kutsidya kwa Songwe, ku Tanzania, amalonda atabisa pansi pa nthochi. Aliyense ankagula zimenezo. Ndikuti aliyense: mphunzitsi, m'busa, wapolisi, ndi Kondowe yemwe.

Kenako Kondowe anakhala tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Anamusankha ndani sindikudziwa, ine dzanja sindinakweze. Inu mumasintha zipani ngati malaya, koma nthawi imeneyo chinali chimodzi, ndipo popanda khadi lake sunkalowa mumsika kapena kukwera basi. Mayi woyembekezera ankauzidwa kuti agule awiri, lina la wam'mimbayo. Chilankhulo chathu anali atachichotsa kale pawailesi ndi m'sukulu, ndipo Kondowe atangolandira udindo anayamba kulankhula Chichewa ngakhale kwa mayi ake omubala, amene sankachimva n'komwe. Kuyenda nafe anasiya, ati tcheyamani sangamatuluke thukuta pamodzi ndi anthu wamba. Koma njinga yake ikawonongeka ankaitumizabe kwa Mwanjasi, ndipo Mwanjasi, chitsiru chabwino mtima, ankaikonza.

Chaka china, chilimwe chili pachimake, kunamveka kuti kukubwera nduna kuchokera ku likulu kudzaona chitukuko. Loweruka lake Kondowe anatipeza pansi pa mango paja, anyamata awiri a chipani ali pambuyo pake ndi zibonga. Sanapereke moni.

"Njinga zonse za m'dera lino zikaimikidwe pabwalo la sukulu, kutsogolo kwa nsanja," anatero. "Zotsuka, zopopa bwino. Bwana akaone ndi maso awo kuti anthu a kuno akulemera."

Mwanjasi anapukuta manja pakabudula. "Pabwalo paja palibe mthunzi, Kondowe. Bwanji tiziimike kumitengo kuja kumbali? Aziona bwinobwino ali pansanja."

"Ndine a tcheyamani."

"Enya, a tcheyamani. Koma dzuwa silidziwa zimenezo."

Tinaseka, ndipo anyamata a zibonga aja nawonso anabisa nkhope. Kondowe sanaseke. "Kumitengo kuja kukhala magalimoto a alendo," anatero. "Amene njinga yake isoweke pamzere adzafotokoza yekha kuti akudana ndi ndani."

Tsikulo tinafika mbandakucha monga mwa chizolowezi, koma panalibe woyimba. Tinaziimika m'mizere pabwalo, ndipo anyamata a chipani ankadutsa akudina tayala lililonse. Likalowa pang'ono, popanso. Tinapopa mpaka matayala kuuma gwa ngati mtengo. Kenako anatithamangitsira kukakhala pansi limodzi ndi khamu, n'kuika alonda kuti wina asayandikire.

Anati nduna ifika m'mawa. Dzuwa linakwera, nduna osaoneka. Linafika paliwombo, nduna osaoneka. Amayi ovala nsalu za chipani ankavina n'kupuma, kuvina n'kupuma, ena kugwa n'kuthiridwa madzi. Ana asukulu milomo inachita kuyera. Ife eni njinga maso sanali kumsewu ayi, anali pamizere paja, pomwe zitsulo zinkachita kuthwanima ndi kutentha. Aliyense ankawerenga mumtima zigamba za chubu chake.

Mwanjasi analephera kupirira. Anadzuka, n'kudutsa pakati pa anthu poyera, osabisala, n'kukanjuta pambali pa Mzukwa. Dzanja litangofika pa vavu, mnyamata wina anamumenya ndi chibonga pamkono. Kondowe anatsika pansanja akuthamanga.

"Mukufuna kutani, a Mwanjasi?"

"Ndingophwetsako pang'ono. Mukudziwa inunso chimene chichitike."

"Matayala ophwa pamaso pa bwana? Mukufuna akanene kuti kuno kuli umphawi? Kakhaleni pansi."

Anabwerera n'kudzakhala pambali panga akusisita mkono. Anthu onse anaona, ndipo onse anadziwa chimene ankafuna kuchita.

Nduna inafika dzuwa litapendeka pang'ono, nthawi imene nthaka imabweza moto wonse umene yamwa. Anali bambo wonenepa, wa suti yakuda, thukuta likuyenderera m'khosi. Anakwera pansanja, anthu tinaimba zimene tinkayenera kuimba, iye n'kuyamba kulankhula. Anatiuza za umodzi ndi kumvera. Anatichenjeza za zigawenga zimene zinathawira kutsidya kwa malire, kuti zili ndi abale pakati pathu ndipo boma likuwadziwa. Atafika potamanda mwini dziko anakweza dzanja m'mwamba, n'kukoka mpweya kuti akuwe.

Phuu!

Ana inu, chubu chopopa chotero chikaphulika sichisiyana ndi mfuti. Nduna inadziponya pansi pa tebulo, tebulo n'kugubuduka, mabotolo a zakumwa kuswekera pomwepo, nsapato imodzi n'kugwera kunsi kwa nsanja. Apolisi anatchera mfuti uku ndi uku. Kunangoti zii. Kenako tonse tinaona Mzukwa itagona chammbali pamzere, tayala lakumbuyo litang'ambika, kafumbi kakukwera.

Kuseka kunayambira kumbuyo, kwa amayi. Mayi mmodzi anayesa kutseka pakamwa ndi nsalu koma zinakanika, ndipo kunafalikira bwalo lonse, ana, akulu, ngakhale wapolisi wina ndinamuona mapewa akugwedezeka. Anthu anali atawotchedwa tsiku lonse opanda madzi, ndiye ukaona bambo wa suti akukwawa kufunafuna nsapato ungatani? Kuseka kumeneko ndiko kunafunika kulipiridwa. Chubu chinalibe mlandu, ndipo ndunayo inadziwa zimenezo isanaimirire n'komwe.

Itaimirira, fumbi lili m'mawondo, inafunsa funso limodzi lokha. "Njinga imeneyo ndi ya yani?"

Apa ndi pamene mtima wanga umawira mpaka lero. Kondowe akanatha kunena kuti, bwana, pepani, ndi dzuwa. Akanatha kunena kuti ndine ndinalamula kuti zikhale pamtetete. Akanatha kungokhala chete, bwenzi nkhaniyo itathera pa kutukwanidwa. Koma anaona kuti mkwiyo wa nduna ukufuna pogwera, ndipo anaopa kuti ugwera iye. Anagwada pansanja pomwepo.

"Ndi ya Mwanjasi, bwana. Ndipo inu musanafike anapita kukaigwiragwira, anthu onsewa ndi mboni. Tinamuletsa ife. Munthu ameneyu zitsulo zake zimachokera ku Tanzania."

Munthu amene ankamukankha pachitunda! Anatenga chinthu chimene Mwanjasi anachita pofuna kupewa ngozi n'kuchisandutsa umboni womupachikira. Sananame liwu ndi limodzi lomwe, ndipo n'chimene chimandinyansa kwambiri. Bodza ukhoza kulitsutsa. Iye anangotola zoona n'kuziika chagada.

Ine ndinadzuka n'kukuwa kuti, "Ndi chubu chabe! Ndi dzuwa! Kondowe, iwe ukudziwa!" Sindinamalize. Wapolisi anandipatsa thako la mfuti pakamwa, ndipo mano awa amene mumandiseka nawo ndikamadya chimanga anatsala pabwalo la sukulu ija. Pamene ndinkadzuka ndikulavula magazi, Mwanjasi anali atamangidwa kale manja kumbuyo. Anamuponya m'galimoto ya apolisi, Mzukwa n'kuiponya pamwamba pake ngati mboni. Nyagondwe anali ndi pakati pooneka. Anathamangira galimotoyo mpaka kumsewu, n'kugwa m'fumbi, ndipo amayi amene ankaseka aja anachita mantha kukamudzutsa.

M'mawa mwake ine ndi aphunzitsi a Chikopa tinapalasa kupita ku boma. Ena onse a gulu lathu anadwala mwadzidzidzi tsiku limenelo, wina mutu, wina m'mimba. A Chikopa anati, "A Gondwe, inu pakamwa patupa, ndipo Chichewa chanu chikatuluka ndi mkwiyo chitimangitsa tonse. Ndikalankhule ndine." Tinapeza mkulu wina wa apolisi, munthu wa imvi, ndipo a Chikopa anafotokoza zonse mwaulemu, za zigamba, za kutentha, za vavu. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako analoza pawindo, pomwe njinga yake inali pansi pa mtengo, tayala litaphwa pang'ono.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "ine ndakhala kuno zaka zambiri. Mukuganiza kuti sindidziwa chimene chimaphulitsa chubu? Koma nkhaniyi yapita kale kumtunda, ndipo munthu wanuyo amutenga kale. Bwererani. Mukafunsanso, ndidzakakamizika kulemba kuti munabwera."

Mwaona? Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankakhulupirira kuti Mwanjasi analakwa. Nduna inkadziwa, wapolisi ankadziwa, Kondowe ankadziwa, mudzi wonse unkadziwa. Koma munthu anapita, popanda khoti, popanda wotiuza kumene ali. Tinangomva mphekesera kuti ali kundende ina kummwera, kumene ankasungako anthu a ndale. Mwanjasi wandale! Munthu amene nkhani zake zinali masipoko ndi mitengo ya mpunga.

Sipanapite nthawi, a Chikopa anawasamutsira kutali, ndipo sindinawaonenso. Kondowe analengeza kuti amuna kuyenda chigulu mbandakucha ndi msonkhano wopanda chilolezo. Mabelu aja anatha. Aliyense ankatuluka yekha, mwakachetechete, ndipo tikakumana pamsewu tinkangokwezerana dzanja ngati alendo. Pansi pa mango paja panamera udzu. Anthu amene ankadya chinangwa cha Nyagondwe Loweruka lililonse anayamba kulambalala nyumba yake, kuopa kuonedwa pakhomo pa mkazi wa chigawenga. Mwana anabadwa, wamkazi, azakhali anu a Tusekile amene ali ku Mzuzu aja. Munda wa mlongo wanga ndinkalima ndine ndikamaliza wanga. Iye anagulitsa ng'ombe n'kukwera basi kupita kummwera kukamufunafuna, koma pachipata chilichonse ankamuuza kuti dzina limenelo kulibe. Anabwera atatha thupi, ndipo kuyambira pamenepo sanafunsenso munthu.

Mukufuna kudziwa za Kondowe? Palibe chinamuchitikira. Musayembekezere kuti ndikuuzani kuti anachita misala kapena kulumidwa ndi ng'ona, zimenezo ndi za m'nthano. Ananenepa. Zinthu zitasintha m'dziko muno, iye anali woyamba kuno kuvala malaya a chipani chatsopano n'kumakuwa za ufulu, ati nayenso anavutika mu ulamuliro wakale. Anafa ndi ukalamba, pabedi, ndipo pamaliro pake anthu anaimirira n'kumati tataya munthu wachitukuko. Agogo anu aakazi anandikakamiza kupita, ati maliro sakanidwa. Ndinapita, ndinakhala kumbuyo, ndipo chakudya chawo sindinadye. Abusa amati ndikhululuke. Ndawauza kuti ndikadzafika kumeneko ndikakambirana ndi Mwiniwake, koma pansi pano ayi.

Mwanjasi anabwera Tusekile atayamba kale kutunga madzi ndi kachidebe pamutu. Panalibe chidziwitso. Tsiku lina masana, chilimwe ngati chomwechi, mayi wina wogulitsa mango pasiteji ya basi anafika pakhomo panga akupuma wefuwefu. "A Gondwe, kusiteji kwatsika munthu, akuti tikuitaneni. Akuti ndi Mwanjasi, koma ine sindikumudziwa."

Ndinapalasa ngati wamisala. Pansi pa kamtengo ka pasiteji panakhala nkhalamba ya mutu woyera, itavala malaya aakulu ngati obwereka, mapazi atatupa moti zala zinkachita kusiyana. Ndinaidutsa ndi maso n'kumayang'ana kwina. Ndiye ndinamva, "Mulamu." Mawu anali ake, koma aang'ono, ngati akuchokera m'chitini.

Ndinafuna kumukumbatira koma anadzikhwinyata n'kuphimba mutu ndi mikono. Ndinachita kugwada n'kumuuza kuti ndine, Gondwe, palibe akumenye. Kuyenda sakanatha. Ndinavula malaya anga n'kuyala pa keliyala, n'kumunyamula kumukhazika pamenepo, iye n'kundigwira lamba ndi manja onse awiri.

Titayamba kuyenda ndinachita mantha. Njinga inali yopepuka ngati ndili ndekha. Ndinatembenuka kuti ndione ngati sanagwe, ndipo analipo, maso ali pansi. Patsogolo pang'ono ndinatembenukanso. Ndinayamba kumuuza nkhani kuti ndizimva mawu ake: kuti ali ndi mwana wamkazi wofanana naye mphuno, kuti Nyagondwe ali moyo, kuti denga ndinafolera chaka chatha. Iye anangogwirabe lamba lija. Ndiye mkwiyo unandikwera, ndinayamba kutukwana Kondowe, kutukwana nduna, kunena zimene ndidzawachite tsiku lina. Anandikoka lamba mwamphamvu.

"Yayi, mulamu, chete. Angamve."

"Amve ndani? Tili awiri pamsewu."

Kenako anayandikitsa pakamwa kumsana kwanga n'kunena pang'onopang'ono, mosamala, ngati mwana wobwereza zimene anamuphunzitsa ndi chikwapu.

"Wolakwa ndinali ine. Chubu chija chinali ndi zigamba zambiri. Ndinachititsa manyazi boma. Ndikanagula chatsopano."

Ndinamanga mabuleki pakati pa msewu. Ndinamuyang'ana kuti mwina akuseka, mwina Mwanjasi wakale uja akundinyogodola. Sankaseka. Ankakhulupirira. Anamulanda zaka, anamulanda miyendo, zimenezo ndinali nditaziona kale pasiteji. Koma sindinadziwe kuti angathenso kulowa m'mutu mwa munthu wosalakwa n'kumusiya akupepesa.

Ndinamuuza kuti, "Mulamu, simunalakwe." Ndinamuuza pamsewu pomwepo, ndinamuuza pofika kunyumba, ndinamuuza tsiku lililonse miyezi imene anakhala nafe asanatisiye. Nthawi zonse ankayang'ana kukhomo kaye, kenako n'kundigwira dzanja n'kunong'ona kuti nditsitse mawu.